Siling'i ya Matumba

Kumudzi, 4 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu ndi mwana? Kuno tadzuka bwino. Mayi bondo lija likuwavutabe, koma kudimba akupita. Akuti mukapeza mafuta opaka aja muwatumizire.

Ndalemba kalata chifukwa mukudziwa kuti pa foni mawu amandithawa. Komanso kuti netiweki igwire, munthu amayenera kukwera pachulu cha kuseri kwa chigayo, pomwe aliyense wodzagayitsa amamva zonse. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa minibasi ya m'mawa.

Nkhani ndi ya holo ya m'mudzi muno. Ana amene ndimawasamalira mmenemo amayi awo akapita kumunda afika 26 tsopano. Timayamba ndi kusesa, kenako nyimbo, kenako zilembo pa bolodi lakale lija. Lachiwiri kunabwera bambo a zaumoyo. Anayang'ana kudenga nthawi yaitali, kenako anatenga ndodo yanga yolozera pa bolodi n'kugogoda phaso limodzi. Munatuluka fumbi la chiswe lodzaza dzanja. Anati ngati denga silikonzedwa mvula isanayambe, ana asadzalowenso. Anandifunsa kuti, "Mwamva, mayi?" Ine ndinangogwedeza mutu.

Nditawauza mayi, anati ndiye basi, ndivomere zija alamu ananena, zoti ndibwere kutauni ndidzagwire ntchito ya m'nyumba kwa mnzawo. Achimwene, ntchito sindikana. Koma kutauni ine sindingakwanitse. Ulendo uja ndinabwera mwana atabadwa, masiku anayi onse sindinatuluke pageti, munaona nokha. Ana a muholowa ndi okhawo amene ndimalankhula nawo lilime osalemera. Amayi awo amandipatsa kangachepe, ena sopo, ena mchere, ndipo ine ndi mayi timakhala.

Munanenapo kuti bungwe lomwe mumayendetsako galimoto limakonza sukulu ndi maholo a m'midzi. Sindikudziwa kuti zimayambira pati. Ndangoti ndifunse. Ngati n'zosatheka mundiuze, sindidandaula.

Ndine mlongo wanu,
Chete

*

Kutauni, 16 Ogasiti

Chete mlongo wanga,

Kalata yako ndinailandira. Alamu ako anaseka kuti munthu amene pakamwa sakwanitsa mawu asanu, papepala wadzaza mbali zonse ziwiri. Tili bwino tonse. Mwana wayamba kuyenda, akugwetsa chilichonse chomwe wachipeza. Mafuta a mayi ali mu envulopu yomweyi.

Tamvera tsopano. Lolemba ndinkawapititsa kumsonkhano abwana athu, amene timawatcha Madamu. Magalimoto anathithikana pamsewu, tinaima pafupifupi ola lathunthu. Ndinadziuza kuti iwe Hutala, pakamwa pako pamene anthu amapadandaula paja pagwire ntchito lero. Ndinayamba ndi ana, ndinatsiriza ndi chiswe. Madamu anali pa foni yawo, ndinkaganiza kuti ndikungolankhula ndi chiwongolero. Titafika pageti anangoti, "Ana angati?" Ndinati 26. Anati komiti ya holoyo ilembe kalata yopempha.

Ndiye pita kwa amalume, poti ndiwo tcheyamani wa komiti, uwauze alembe sabata ino. Kalata ikafika, anthu awiri a ku ofesi adzabwera kudzaona pa 12 Seputembala. Ine sindidzakhalapo. Lamulo lathu silola dalaivala kupititsa anthu oyendera kumudzi kwawo kwenikweni. Maholo opempha alipo asanu, osankhidwa adzakhala awiri okha. Tsiku limenelo komiti yonse idzakhalepo, ana adzakhalepo, ndipo iweyo ukadzafunsidwa kanthu udzayankhe ndi pakamwa, osati ndi mutu.

Za ntchito ya m'nyumba ija, alamu ako ndawauza adikire kaye. Anandiyang'ana cham'mbali koma avomera.

Uwapatse moni mayi. Uwauze kuti bondo silichira ndi khasu.

Ndine mlongo wako,
Hutala

*

Kumudzi, 27 Ogasiti

Muphwa wanga,

Ndikukulembera monga malume ako, komanso monga Tcheyamani wa Komiti ya Holo kwa zaka khumi ndi zinayi. Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi banja lako. Ife tilipo, kupatula ng'ombe yanga imodzi yomwe ikutsimphina.

Kalata yopempha ndinalemba ndi dzanja langa, ndipo yapita. Dzulo ndinaitanitsa msonkhano. Ndinawauza anthu kuti mwana wathu watitsegulira khomo kwa akuluakulu, choncho alendo ake asadzatipeze ngati anthu osadzisamala. Ndinawafunsa kuti, kodi bwana angasiye malata ake m'manja mwa anthu amene akulephera ngakhale kupaka laimu? Onse anaomba m'manja.

Ntchito tagawana motere. Wachigayo wapereka malata asanu ndi atatu kwa masiku atatu, oti tikhome mbali yoyang'ana kumsewu. Wagolosale wapereka laimu ndi makatani a m'nyumba mwake, oti abise magalasi osweka. Kalipentala amata ming'alu ndi dothi. Mabenchi tibwereka kusukulu.

Vuto linali m'kati, poti munthu ukayang'ana kumwamba umaona dzuwa ngati waima pansi pa sefa. Apa ndipamene ndinakumbukira kuti mlongo wako ali ndi dzanja la singano. Banja lililonse labweretsa matumba opanda kanthu, ndipo iye akuwalumikiza kuti akhale siling'i. Tikaipachika tidzaipaka laimu. Nzeru imeneyi ndi yanga. Mlongo wako sananene chilichonse pamsonkhano, zomwe zikusonyeza kuti wagwirizana nazo.

Usade nkhawa, sitidzakuchititsa manyazi kuntchito kwako. Pempho langa ndi limodzi. Unditumizire tayi, yofiira ikapezeka. Yanga inadyedwa ndi mphemvu m'sutikesi.

Ndine malume ako,
Tcheyamani

*

Kutauni, 2 Seputembala

Chete,

Moni ndi womwe uja, nthawi ndilibe. Kalata ya amalume ndaiwerengera m'galimoto ndipo mutu wandizungulira. Ndawaimbira kawiri. Koyamba anangoti, "Zonse zili m'manja, muphwa wanga," n'kudula. Kachiwiri anandifunsa za tayi. Foni ya mayi siikupezeka.

Musakonze chilichonse! Anthu akubwerawo amayenda ndi fomu, ndipo amangochonga. Denga likudontha, eya kapena ayi. Makoma ali ndi ming'alu, eya kapena ayi. Holo yomwe yaonongeka kwambiri ndi yomwe imapambana. Ine ndawayendetsa anthu amenewa zaka zisanu ndi chimodzi, ndimawamva akukambirana kumbuyo kwangaku. Makatani alibe nawo ntchito. Amafuna aone bowo, alijambule, akaonetse amene amapereka thandizo.

Siya kusoka. Zomwe mwapachika kale tsitsani. Pita kwa amalume uwawerengere kalatayi mokweza. Akakukalipira unene kuti ndakutuma ndine.

Hutala

*

Kumudzi, 14 Seputembala

Okondedwa achimwene,

Tili bwino, ndipo mayi akuthokoza mafuta aja. Kalata yanu ya pa 2 yandipeza dzulo, pomwe alendo anabwera dzana. Kondakitala anaiiwala m'thumba la jekete, jeketelo n'kulisiya kwa telala kuti alikonze zipi. Wapepesa kwambiri.

Koma ndisamunamizire kondakitala. Ine ndinkadziwa kuti tikulakwitsa. Pamsonkhano paja ndinanyamuka pang'ono pabenchi kuti ndinene. Anthu onse anacheuka, ndiye ndinangokonza nsalu yanga n'kukhalanso pansi. Kenako ndinasoka matumba makumi asanu ndi limodzi. Ndinasoka bwino, achimwene. Kusoka moipa sindidziwa.

Anabwera anthu awiri, mayi ovala magalasi atanyamula fomu, ndi bambo wamfupi wa kamera. Amalume anawalandira atavala tayi ya wagolosale. Ana anaimba. Mayi aja anazungulira holo yonse, anakhudza khoma, laimu n'kuwatsalira m'zala. Kenako anayang'ana kumwamba.

"Siling'i imeneyi anakupangirani ndani?"

"Ndi mwana wathu uyu, ndi manja akewa," anatero amalume, akundikankhira kutsogolo.

"Ndayenda malo ambiri, koma yotere sindinaionepo."

Bambo wa kamera anandiimika pansi pake n'kundijambula. Anati ndimwetulire, ndinalephera. Kenako mayi aja anandifunsa ineyo kuti, "Nanga mvula ikamagwa mumatani ndi anawa?"

Yankho ndinali nalo lonse. Koma ndisanatsegule pakamwa amalume anali atayankha kale.

"Mumadontha pang'ono chabe, mayi, monga nyumba ina iliyonse."

"Malata akewo ndi olimba," anawonjezera wachigayo. "Ine ndikuwadziwa bwino."

Anthu anaseka. Mayi aja sanadziwe chomwe akuseka, koma anaseka nawo, n'kuchonga pa fomu yawo. Pochoka anati ndife chitsanzo, ndipo kwina komwe akupita akatitchula. Galimoto isanakhote n'komwe amalume anali akuuza aliyense kuti, "Mwamva? Chitsanzo!"

Dzulo aliyense anabwera kudzatenga zake. Wachigayo pozula malata ake anathyola mapaso awiri. Malata akale omwe tinachotsa anapindika, sakukhalanso pamalo pake, ndiye angowayala n'kuwapsinja ndi njerwa. Makatani apita, mabenchi apita. Chatsala ndi siling'i yokha, poti matumba opakidwa laimu palibe akuwafuna. Holo yaipa kuposa kale, koma ukalowa m'kati ikuoneka bwino.

Mukamva zotsatira mundiuze zoona, musandibisire.

Ndine mlongo wanu,
Chete

*

Kutauni, 29 Seputembala

Mlamu wanga,

Ndalemba ndine, chifukwa achimwene ako akuti akagwira cholembera alemba zotukwana amalume. Tili bwino. Mwana wamera mano ena awiri ndipo akuyesera pa ine.

Zotsatira zatuluka. Holo yanu yakhala yomaliza pa zisanu zija. Koma chithunzi chako achipachika pakhoma ku ofesi, pansi pake alembapo kuti anthu odzithandiza okha. Achimwene ako amadutsa pomwepo m'mawa uliwonse akamakatenga makiyi. Akabwera kunyumba chakudya amangochiyang'ana. Munthu wolongolola ngati ameneyu akakhala chete, nyumba imaopsa.

Ndiye tiye tikambe zenizeni, ife akazi tokhatokha. Mnzanga uja akufunabe munthu, Novembala akangoyamba. Nyumba yake ndi ya zipinda zitatu, ana awiri, galu mmodzi wosaluma. Mwini wake amalankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo, koma poti iwe suyankha, mudzagwirizana. Udzakhala ndi chipinda chakochako, ndipo Lamulungu uzidzabwera kwathu.

Sindikukuzula kumudzi mwankhanza, mlamu. Ndikudziwa kuti ana ajawo umawakonda. Koma holo ikatsekedwa udzatani? Amayi amene amakupatsa sopo chifukwa cha ana awo sadzakupatsa chifukwa chongokukonda. Mayi nawonso akukula, bondo lija silibwerera m'mbuyo. Zoopa anthu zimatha. Inenso nditangofika kuno ndinkapatsa moni aliyense mu minibasi, anthu n'kumagwira zikwama zawo.

Undiyankhe msanga, mnzangayo asapeze wina. Undiuzenso saizi ya nsapato zako, kuno sungayende ndi zija unabwera nazo.

Ndine,
Mlamu wako

*

Kutauni, 6 Okutobala

Chete mlongo wanga,

Mkwiyo waphwa, tsopano ndikhoza kulemba. Uli bwanji, mayi ali bwanji? Zomwe alamu ako analemba ndi zoona, ndipo sindikutsutsa. Koma ndatsala ndi kanthu kamodzi.

Pa 15 ndikupititsa injiniya wathu kukayeza holo ina mwa ziwiri zopambana zija. Msewu wake ndi womwewu wodutsa kwathu. Injiniyayo ndi bambo wosalankhula ngati iwe, ndipo amakhulupirira zokhazo zomwe waona ndi maso ake. Kumupempha kuti tiime sindingathe, chifukwa Madamu ananena kale kuti nkhani ya kwathu yatha ndipo ndisaitchulenso.

Koma galimoto ndi galimoto, nthawi zina imatentha. Cha m'ma 10 koloko m'mawa idzatentha pafupi ndi holo. Ine ndidzatsegula boneti n'kulowetsamo mutu kwa mphindi makumi awiri. Sindidzakudziwa, iwenso usadzandipatse moni. Zotsalazo ndi zako. Ine ndinalankhula kale mbali yanga, ndipo palibenso wina angakulankhulire.

Amalume asamve. Alamu ako nawonso sakudziwa. Kalatayi ndamupatsa kondakitala m'manja, ndipo jekete lake ndalisunga ine mpaka abwere kudzandiuza kuti yafika.

Ndine mlongo wako,
Hutala

*

Kumudzi, 16 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira munafika bwino dzulo. Mayi akudandaula kuti anamva kuti munadutsa osawaona. Ndawauza kuti munali pantchito.

Inu munali ndi mutu m'boneti, ndiye simunaone zomwe zinachitika. Nditafika pagalimoto, mawu onse amene ndinakhala ndikuloweza sabata yathunthu anathawa. Injiniya anatsitsa galasi n'kufunsa kuti, "Tikuthandizeni, chemwali?" Ndinangomuonetsa kiyi wa holo. Anayang'ana kiyi, anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Ndinu a pachithunzi paja." Ndinatembenuka n'kuyamba kuyenda. Sindinacheuke. Ndinangomva chitseko cha galimoto chikutsekedwa kumbuyo kwanga, kenako nsapato.

Ana ndinali nditawakhazika panja, pansi pa mtengo. Titalowa, iye anayang'ana kumwamba n'kuti, "Eya, ndi yokongoladi."

Ndinali nditamangirira chikwakwa kunsonga ya nsungwi. Ndinakola msoko wapakati n'kukoka. Ulusi wanga ndi wolimba, sunaduke koyamba. Kachitatu siling'i inang'ambika kuyambira kubolodi mpaka kuchitseko. Kunagwa zitosi za mileme, fumbi la chiswe, chidutswa cha phaso, ndi njerwa imodzi mwa zija anapsinjira malata. Inali italowa pabowo n'kungokhala pamatumba. Inagwa pamene pamakhala ana amapasa a telala. Mwezi wathunthu ana akhala pansi pa zimenezo, ine osaona, chifukwa cha matumba anga omwe.

Injiniya anavula chipewa n'kuchikung'untha. Anatulutsa foni, anajambula paliponse. Anapempha kiyi wanga, anakwera patebulo n'kubaya phaso. Kiyi analowa yense.

Ndipamene amalume anafika akupuma wefuwefu, wachigayo atawatsina khutu.

"Iwe mwana! Wapenga? Pamaso pa mlendo? Dzina lonse lija tinapanga waling'amba ndi chikwakwa!"

Achimwene, ndinawayankha. Sindikudziwa kuti mawu anachokera kuti. Ndinati, "Amalume, njerwa iyi yagwa pamalo pa amapasa."

Ndi zokhazo. Anayang'ana njerwa, anayang'ana kumwamba, n'kutuluka.

Injiniya anati, "Muno musalowenso mwana ngakhale mmodzi, kuyambira lero. Musadikire mvula." Anakhoma yekha chitseko n'kundibwezera kiyi. Ndinalimba mtima n'kumufunsa ngati atithandize. Anati iye sagamula, amangolemba zomwe waona.

Ndiye holo yatsekedwa, ndipo ndaitseketsa ndine, nthawi yake isanakwane. Lero amayi ena sanandiyankhe moni pamjigo, poti apita kumunda ndi ana kumsana ndi ena m'manja. Sindikuwaimba mlandu. Komabe zikanakhala kuti zibwerezedwe, ndikanang'ambanso.

Muwauze alamu kuti nsapato ndimavala saizi 5. Chikwama ndayamba kulongedza.

Ndine mlongo wanu,
Chete

*

Kutauni, 27 Okutobala

Chete mlongo wanga,

Chikwama chija yamba wachisiya pansi pa bedi. Tili bwino, ngakhale kuti m'nyumba muno mwazizira pang'ono, ndifotokoza.

Injiniya uja ulendo wonse sanandilankhule. Ndinkaganiza kuti wakwiya ndi zitosi za mileme. Osadziwa kuti analemba lipoti la masamba anayi. Lachisanu Madamu anandiitana. Patebulo panali zithunzi ziwiri, chako chija cha pakhoma, ndi china cha njerwa ili pansi. Anandifunsa kuti, "Galimoto yatsopano imatentha bwanji pakhomo pa kwanu penipeni?" Ndinati, "Madamu, mwina inamva fungo la kwathu." Sanaseke.

Ndapatsidwa kalata ya chenjezo, ndipo andichotsa pa galimoto ya mabwana. Tsopano ndili pa lole yonyamula katundu, yopanda wailesi, chitseko chake chomanga ndi waya. Alamu ako anamva zonse nthawi imodzi, za boneti ndi za lole. Akundipatsa chakudya koma sakundifunsa kuti ndaswera bwanji.

Tsopano mvetsetsa. Holo yonse sakonza. Mazenera ayi, pansi ayi, zimbudzi ayi. Avomera denga lokha, ndi malata ndi matabwa otsala kuntchito ina. Atumiza mmisiri mmodzi, ntchito yonyamula ndi kukhoma ndi ya mudzi. Koma pali lamulo limodzi. Akufuna umboni woti ana akusonkhanabe pamalo ena abwino, ndipo bambo a zaumoyo asayine. Akuti ngati gulu la ana labalalika, palibe chothamangira, adzaona chaka chamawa. Uli ndi sabata imodzi kuti upeze malowo.

Ukapeza, malata ndibweretsa ndine pa 9 Novembala. Pa lole palibe lamulo loletsa munthu kupita kwawo. Ukalephera, alamu ako akudikira, ndipo nsapato agula kale.

Ndine mlongo wako,
Hutala

*

Kumudzi, 1 Novembala

Muphwa wanga,

Ndikhulupirira uli bwino. Ng'ombe ija yachira.

Komiti yalandira uthenga wa denga ndi manja awiri. Monga ukudziwa, ine kuyambira kale ndakhala ndikunena kuti denga limenelo ndi loopsa.

Za malo a ana, zatheka, koma ndikufuna udziwe mmene zathekera. Mlongo wako anayamba wapita kusukulu, anamuuza kuti zipinda ndi zodzaza. Wagolosale anati sitolo yake si khola. Lachinayi anabwera kwanga. Anaima pakhomo nthawi yaitali mpaka ndinaganiza kuti akudwala. Kenako anapempha chipinda changa chochezera. Ndinamuuza kuti mmenemo muli sofa zomwe sizinakhalidwepo ndi mwana chizigulireni. Anati, "Tizitulutsa." Ndinati nanga kabati ya magalasi? Anati, "Nayonso." Sindinkadziwa kuti mwana ameneyu amayankha akuluakulu. Ndikuganiza kuti akutengera iwe.

Pamene ndikulemba pano sofa zili pakhonde, zofunditsidwa pepala la pulasitiki. Ana 26 ali m'nyumba mwanga, akuimba nyimbo imodzimodzi kuyambira m'mawa. Wina wajambula galimoto pakhoma ndi khala. Bambo a zaumoyo abwera, aona, asayina, ndipo pepala lawo lili mu envulopu yomweyi.

Amuna okhoma ndawalemba kale maina. Wachigayo ndamuika patsogolo, poti mapaso awiri aja anathyola ndi iye.

Ufulumire ndi malatawo. Pobwera unditengere mankhwala a mutu.

Ndine malume ako,
Tcheyamani

*

Kumudzi, 3 Disembala

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji, inu ndi alamu ndi mwana? Kuno tili bwino. Mayi anadzala, ndipo chimanga chamera.

Denga linatha Loweruka. Mmisiri wanu uja anagwira ntchito yabwino, ngakhale kuti anakangana ndi kalipentala wathu tsiku lililonse za kutalika kwa misomali. Amuna anabwera ambiri sabata yoyamba, yachiwiri anachepa, ndiye amayi a ana ndi amene ankapatsira malata. Ena mwa iwo ndi omwe aja sankandiyankha moni. Sitinakambirane za zimenezo, tinangogwira ntchito. Mazenera alibe magalasi mpaka pano, tatchingira ndi mapepala a pulasitiki. Pansi ndi pokumbikakumbika monga kale. Lolemba tinasamuka kwa amalume kubwerera kuholo. Anaima pakhomo n'kumawerenga ana potuluka, kuopa kuti wina angatsalire. Anapeza 31, poti ena awonjezekera.

Tsiku lija munabweretsa malata panali anthu ambiri, ndiye sindinathe kunena. Ndinaona chitseko chomanga ndi waya chija, ndinaonanso mmene munatsikira mukugwira msana. Zikomo, achimwene. Ndikudziwa chomwe mwataya chifukwa cha ine.

Alamu muwapepesere kwa mnzawo. Muwauze kuti sindibwera. Nsapato zija ndalandira, zikundikwana, ndimavala popita kuholo. Ndawasokera nsalu ya patebulo, kondakitala abweretsa pamodzi ndi kalatayi.

Dzulo mvula yamphamvu inatipeza tili pakati pa zilembo. Sipanagwe dontho ngakhale limodzi. Ana ankayang'ana kumwamba, ena kutambasula manja kuti aone ngati anyowe. Koma pali chinthu chomwe sindinkachidziwa. Kale mvula ikayamba tinkathawa, ndiye sindinaphunzitsepo pansi pa malata mvula ikugwa. Amasokosa, achimwene. Ndinati "a", ine ndemwe sindinadzimve. Ndinabwerezanso, ana akungondiyang'ana pakamwa. Ndiye ndinakwera pabenchi n'kukuwa. Anayankha onse. Tinafika mpaka pa "u", kenako tinayambiranso, ola lathunthu.

Mkazi wa wachigayo anausa mvula pakhonde pathu. Anasuzumira pachitseko n'kufunsa ana kuti mphunzitsi watsopanoyo wabwera liti. Atandiona ndili pabenchi anagwira pakamwa.

Lero mawu asasa, ndikumwa madzi otentha. Ndinafuna kukupemphani wezulo, koma musavutike. Kumwamba kwadanso, ndipo ana ayamba kufika.

Ndine mlongo wanu,
Chete